Mmene Enesi Anasandukira Woyandikana Nyumba

Enesi anagwira ntchito yofufuza zilema pa nsalu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ntchito imeneyo inamuwonongera maso. Sindikunena kuti anachita khungu ayi. Ndikunena kuti kuyambira pamenepo sanathenso kuona chinthu n'kungochikonda. Ku fakitale ya nsalu ya ku Kadoma ankaima pa tebulo lagalasi, nyali ikuwala kunsi, nsalu ikudutsa mamita ndi mamita, iye choko chili m'manja. Ulusi ukadumpha, chonga. Dontho la mafuta a makina, chonga. Kapitawo wake woyamba anamuphunzitsa chinthu chimodzi: nsalu suiweruza kumaso, umaitembenuza, chifukwa kumaso n'kwa wogula. Fakitale itatseka iye anangokhala kunyumba kwake ku Waverley, komboni ya ku Kadoma komweko, n'kugula makina akale osokera, n'kumasoka mayunifomu a sukulu amene ankakagulitsa kumsika. Mwamuna wake anali atamwalira, mwana wake mmodzi yekhayo, Tanyaradzwa, atakwatiwa ku Gweru. Waverley yonse inkamutchula Mai Tanya. Dzina loti Enesi linatsala m'kamwa mwa munthu mmodzi, bambo ake.

Bambo akewo, a Sitefano Kalimanjira, anachoka kwawo ku Ntcheu ndevu zikungomera kumene, n'kudzalowa mumgodi wa golide ku Eiffel Flats, pafupi ndi Kadoma. Ankati adzabwerera kumudzi chaka chamawa, koma chaka chamawacho chinangokhalira kusuntha mpaka owadziwa onse a kumudzi anatha. Mkazi wawo anamwalira Enesi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mlongo wake Fanizo akuyamwabe chala. Anzawo m'komboni anati, "Achimwene, kwatirani, ana awa afuna mayi." Iwo anakana. Anaphunzira kuphika, anaphunzira kuchapa, ngakhale kuluka tsitsi anayesa, koma apo pokha tisanamizane, mwana ankapita kusukulu mutu uli ngati munda wolimidwa ndi munthu woledzera. Lamlungu lililonse asanapite kutchalitchi ankamukhazika Enesi pamwendo n'kumuwenga zikhadabo ndi lezala, chala chimodzichimodzi, lilime lili panja. Ankati, "Ukafuna kudziwa ngati mwana ali ndi mwini, usamuone malaya. Muone zikhadabo."

Atakalamba anadzakhala kwa Enesi ku Waverley, ndipo kuiwala kunawayamba ngati nthabwala. Makiyi m'botolo la shuga, nsapato mufiriji, onse n'kuseka. Kenako kuseka kunatha. Chishona chimene anayankhula zaka makumi asanu ndi limodzi chinawachoka ngati sanachimvepo, n'kutsala Chichewa cha kumudzi, ndi Chilapalapa cha mumgodi chimene ankakalipira nacho akapsa mtima. Pomaliza Enesi naye anawachoka m'mutu. Tsiku lina atawapatsa sadza, nsima ya kuno, iwo anawomba m'manja mwaulemu n'kuti, "Zikomo mayi, mukundisunga bwino. Mwana wanga Enesi akaweruka kusukulu mumugawireko." Iye anaseka poyesa kuti akumucheza. Sankamucheza. M'mutu mwawo Enesi anali kamtsikana ka yunifomu, ndipo mayi wa imvi ameneyu anali mwini nyumba wachifundo basi.

Zimenezo akanapirira. Chimene chinamuthyola msana ndi miyendo yawo. Mutu unatha, koma miyendo, ha, inali ya mnyamata! Kukangocha amavala nsapato, ati belu la ntchito lalira, ulendo wa ku Eiffel Flats. Tsiku lina anasochera n'kulowa pabwalo la eni ake malaya ali m'manja, amayi akumeneko n'kukuwa kuti agwira mfiti imene kwaichera. Enesi anafika mwala utawang'amba kale pachikope. Ulendo wina anakafikadi kumgodi wakale, kumene tsopano kuli maenje okhaokha a anyamata okumba golide, makorokoza aja. Anyamatawo anawavuula m'dzenje dzanja litathyoka, akufunsabe kuti kapitawo ali kuti. Ndiye Enesi anayamba kuwakiyira m'chipinda akamapita kumsika, poti munthu sangadye kukhala pakhomo. Tsiku lachisanu anabwera n'kupeza chitseko chili magazi, bambo ake atachikanda mpaka zala kusupuka, atakhala pansi akulira ngati kamwana. Apo m'pamene anadziwa kuti akapanda kuwapezera malo, adzafera m'dzenje, kapena m'manja mwa anthu, kapena kuseri kwa loko wake womwe.

Anaimbira Fanizo ku Joni. Inu, anthu okhala kutali amadziwa miyambi!

"Achemwali, chibale ndi fupa, sichiola," anatero Fanizo. "Nyumba za okalamba n'za anthu otayika. Mukufuna atiseke kuti mabwidi amataya makolo awo?" Mabwidi ndi dzina limene ena kuno amanyozera nalo anthu a mbewu ya ku Malawi, ati anthu opanda kwawo.

"Bwera udzawasunge sabata imodzi yokha," anatero Enesi, "ine ndigoneko."

Foni inayamba kudukaduka pomwepo. Nthawi zonse inkaduka pa mawu omwewo.

Malo oyamba amene anakaona anali kumayadi ku Kadoma komweko, nyumba yaikulu imene mwini wake anaisandutsa yosungira okalamba. Maluwa pageti, matailosi owala pansi, wailesi yakanema yodzaza khoma. Mwini wake, mayi wonunkhira bwino, anamupatsa tiyi m'kapu yokhala ndi kambale kake, n'kumamuuza za dokotala wobwera Lachiwiri lililonse. Enesi anamwa tiyi, anagwedeza mutu, kenako anapempha kuchimbudzi n'kusochera dala. Anatsegula chitseko chachitatu. Munali okalamba asanu pamipando, dzuwa lili pamutu koma onse ali m'tulo, kukamwa kuli yasa, aliyense atamangidwa m'chiuno ndi nsalu yofunda kuti asagwe. Fungo la mkodzo linali litaphimbidwa ndi mankhwala opopera, koma mphuno ya Enesi siinanamizike. Anagwada n'kuvundukula bulangeti pa mapazi a gogo wina. Zikhadabo zinali zitakula mpaka kupindika, chimodzi chitalowa m'mnofu. Mtsikana wantchito anamupeza ali chogwada n'kunena mosachita manyazi kuti amawapatsa mapilitsi m'mawa kuti asavute. Chikomekome cha mkuyu! Enesi anatuluka osatsanzika.

Malo achiwiri anamuuza ndi mayi wina wa kutchalitchi: nyumba ya okalamba ya mpingo wina ku Chegutu, kuseri kwa njanji. Anakwera kombi, minibasi ya kuno, Lolemba m'mawa. Atafika mtima unagwa. Penti yosupuka, zenera lina lotsekedwa ndi katoni, benchi la pageti lochirikizidwa ndi njerwa. Chakudya cha tsikulo chinali sadza ndi kabichi wopanda ngakhale tomato. Akanakhala wina akanabwerera pomwepo, koma Enesi anazungulira kuseri. Anapeza matiresi onse ali padzuwa, ataimikidwa pakhoma. Anayenda mpanda wonse akuugwedeza ndi dzanja, ndipo sanapeze bowo lolowa ngakhale galu. M'kati mwa mpandawo munali kanjira kopondedwa kozungulira dimba la ndiwo, ndipo mkulu wina wovala chipewa cha mumgodi ankayenda m'menemo, kuzungulira, kuzungulira, palibe womuletsa. Wantchito wina podutsa ndi ndowa anati, "Ntchito ikuyenda, a kapitawo?" Mkuluyo anayankha kuti ikuyenda, n'kupitiriza. Enesi anayang'ana manja a okalamba onse amene anali pakhonde. Zikhadabo zinali zazifupi, zoyera. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anafufuza chilema n'kuchisowa, ndipo anamva misozi ikubwera.

"Iwe, ndiwe mwana wa yani?"

Anali gogo wina wamng'ono thupi, akusenda mtedza pamkeka, ndipo anafunsa m'Chichewa chenicheni. Dzina lake anali Esime, wa ku Dedza, amene anakalambira m'mafamu a thonje. Anati theka la okhala pamalopo ndi a ku Malawi ndi a ku Mozambiki, anthu amene mafamu ndi migodi inawatafuna n'kuwalavula. Enesi anakhala pansi n'kuwafotokozera zonse.

"Bedi lilipo limodzi, wina tamuika m'manda dzana," anatero a Esime. "Koma tamvera, mwana wanga. Kuno amalandira opanda mwini okha. Ukangoti ali ndi mwana, ngakhale wa ku Joni amene satumiza n'sopo yemwe, akuuza kuti katengeni wanu."

"Nanga inu, agogo, mulibe ana?"

"Ndili nawo anayi. Papepala ndilibe."

"Amabwera?"

A Esime anauzira makoko a mtedza m'dzanja. "Poyamba ankabwera ngati anthu a kutchalitchi. Koma munthu ukazolowera kupatsa mayi wako moni wa mlendo, umakhaladi mlendo."

Enesi anayenera kudzuka pomwepo n'kupita kukakwera kombi. Koma anali ataona mpanda uja, ataona kanjira kaja, ndipo m'maso mwake munali chitseko cha magazi. Analowa muofesi mwa woyang'anira malowo, Mai Ratidzo, mayi wa Chishona wa nkhope yotopa. Anafotokoza za mkulu wina wa ku Waverley woiwala, woyendayenda. Mai Ratidzo anamvetsera, kenako anati lamulo si lawo, n'la amene amawatumizira ufa ndi mankhwala, poti okalamba ogona m'masiteshoni ndi ambiri kuposa mabedi. Ndiye anafunsa, powatchula agogo m'Chishona, "Sekuru amenewa ndi ndani wanu?"

"Ndi oyandikana nawo nyumba," Enesi anamva pakamwa pake pakutero.

"Mubwere nawo Lachinayi. Ndidzawafunsa okha."

Masiku awiri otsatirawo Enesi sanapite kumsika. Anakhala pamakina akusokerera dzina la bambo ake m'khosi mwa malaya aliwonse, kuti asadzasokonezeke ndi a ena pochapa. M'sutikesi yawo yakale anachotsamo chithunzi chimene anajambulitsa atatu pa Khirisimasi ina, chifukwa kuseri kwake kunali kolembedwa kuti ine ndi ana anga. Anachotsamonso khadi lake la ubatizo limene iwo anasunga zaka zonsezi. Anafufuza sutikesi imeneyo ngati nsalu ya kufakitale, ndipo chilema chilichonse chimene anapezamo chinali iye mwini. Anadzida. Anadzitukwana mayina amene sakanalola munthu wina kumutchula. Lachitatu masana anapangana ndi Mulungu chinthu chimodzi: bambo ake akakangonena pamaso pa Mai Ratidzo kuti uyu ndi mwana wanga, iye sadzakana kachiwiri. Adzawagwira dzanja n'kubwerera nawo ku Waverley, zivute zitani, akafere limodzi. Atamaliza kupemphera sanadziwe kuti wapempha chiti, kuti amudziwe kapena asamudziwe.

Lachinayi m'mawa anawasambitsa, anawameta, n'kuwakhazika pakhonde kuti awawenge zikhadabo. Iwo anatambasula dzanja mwaulemu. "Mumadziwa ntchito, mayi," anatero. "Anakuphunzitsani ndani?" Enesi anangowerama. Pomanga duku analikokera pansi mpaka pa nsidze, chifukwa chipumi chake n'cha bambo ake, aliyense ku Eiffel Flats ankanena zimenezo.

Mu kombi a Sitefano anakondwa ngati mwana. Ankawerenga mitengo ya magetsi, n'kumafunsa ngati akupita kumgodi watsopano.

Muofesi Mai Ratidzo anaitana a Esime kuti amasulire, poti Chichewa chawo chinali cha moni basi. A Esime analowa, anamuyang'ana Enesi kamodzi, n'kukhala pansi ngati sanamuonepo. Mafunso oyamba anali osavuta. Dzina analitchula, mudzi wa ku Ntcheu anautchula ndi mfumu yake yomwe, nambala yawo ya kumgodi anaitchula osaphonya.

"Afunseni ngati ali ndi ana," anatero Mai Ratidzo.

Nkhope ya a Sitefano inawala. "Ndili nawo! Enesi, ndi kamnyamata Fanizo. Enesi ndiye wanzeru. Masamu amakhoza onse."

Cholembera cha Mai Ratidzo chinaima.

"Ali kuti anawo, sekuru?"

"Kusukulu. Aweruka posachedwa."

Mai Ratidzo anayang'ana chitupa cha mkuluyo, chaka chobadwa chili pomwepo, kenako anatembenukira kwa Enesi. "Mai Tanya, inu mwakhala nawo pafupi. Ana amenewa munawaonapo?"

Kalanga ine, munthu amatha kunena zinthu! Enesi anayankha m'Chishona, mawu osanjenjemera n'komwe, "Sindinawaonepo. Anthu amati anamwalira ali ang'ono." Ndipo anathokoza mumtima kuti Chishona chinawachoka bambo ake, sanamve mwana wawo akudziika m'manda. A Esime anayang'ana kudenga.

"Funso lomaliza," anatero Mai Ratidzo. "Afunseni ngati mayi awa akuwadziwa."

A Sitefano anatembenuka. Anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope, khosi, manja amene anali pamiyendo. Enesi sanapume. Dzanja lake linakwera lokha n'kukankhira duku kumbuyo, chipumi chonse poyera. Mumtima ankakuwa kuti Ababa, ndine, tanenani, tinyamuke tizipita! Mkamwa mwa mkuluyo munayamba kugwedezeka ngati muli dzina limene likufuna kutuluka.

"Ndi mayi abwino," anatero a Sitefano. "Amandipatsa chakudya. Koma kwawo sindikudziwa."

Mai Ratidzo anayang'ana chipumi cha mkuluyo, anayang'ana cha Enesi, n'kupuma mpweya wautali. Sanali mwana, anaona zimene anaona. Koma anawerama n'kulemba, ndipo pamzere wa achibale anajambula kamzere kopingasa. Chidindo chinagunda. Kenako ananena mosayang'ana munthu kuti anzawo ndi oyandikana nawo amaloledwa kudzacheza Lamlungu loyamba la mwezi. Anatinso okalamba a pano akamwalira nyumba imawaika yokha kumanda a ku Chegutu, pamzere wa opanda abale, ndipo oyandikana nawo amauzidwa mpata ukapezeka. Enesi anati wamva. Anasaina ngati mboni, dzina la kwa mwamuna wake.

Bedi linali loyera, pafupi ndi zenera. Wantchito uja wa ndowa anawaonetsa a Sitefano kanjira ka kudimba, ndipo mkulu wa chipewa cha mumgodi anawakuwira mawu a Chilapalapa, iwo n'kuyankha, onse awiri n'kuseka. Zonse zinali monga Enesi anaziyezera Lolemba. Malo anali abwino, ndithu anali abwino, ndipo zimenezo sizinamutonthoze ngakhale pang'ono. Anaika sutikesi kunsi kwa bedi, anapereka kodulira zikhadabo kwa wantchitoyo, n'kunena kuti zala za dzanja lothyoka lija azizigwira bwino. A Esime anamugwira chitenje podutsa pakhonde.

Ali pafupi ndi geti anamva mapazi kumbuyo. Anali bambo ake, akubwera mothamanga, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mayi, taimani! Mukubwerera kukomboni?"

"Eya," anatero Enesi. Mawu oti Ababa anafika pamilomo, koma mlonda anali pomwepo ndi makiyi.

A Sitefano anamugwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kutsitsa mawu ngati akumupempha chinthu chachikulu. "Mukamupeze Enesi wanga. Akaweruka apeza pakhomo palibe munthu, ayamba kulira. Mukamuuze kuti bambo ako ali kuno, sanakuthawe."

"Ndikamuuza."

"Musaiwale, chonde. Ameneyo ndimamudziwa ine. Akangomva kumene ndili, sadya n'komwe, abwera lero lomwe kudzanditenga."

Enesi anavomera ndi mutu. Mlonda anatsegula geti, iye anatuluka, loko n'kulira kumbuyo kwake. Anayenda osacheuka mpaka pa njanji. Pamenepo analephera kupirira, anatembenuka. Bambo ake sanabwerere kudimba. Anali atakhala pa benchi lija la njerwa, msana uli chilili, chipewa chili pabondo, maso ali kumsewu, atayamba kale kudikira.